Makiyi atsalira m'kati: tigwiritse mpeni ndi waya, kapena tidikire mmisiri?

Wa lendi ku Chilinde

Akuluakulu, ndigawireniko nzeru. Munthu ukapezeka panja, makiyi atatayika kapena atatsalira m'nyumba, aneba amabwera aliyense ndi chake: wina mpeni wa patebulo, wina waya wa hang'ala, wina kaphini ka m'tsitsi, wina akuti tulutsa khadi la ku banki. Pomwepo wina amati zonsezi n'kungopha loko, bola kuitana mmisiri. Ndi pati pamene zinthu za m'nyumbazi zimagwiradi ntchito, nanga ndi pati pamene tiyenera kuzisiya? Ndikunena zitseko zathu zomwezi: chathabwa pa felemu yachitsulo, loko wa Union wa kiyi wamtali uja, loko wa silinda wa kiyi wafulati, ndi loko wopachika wa pageti. Odziwa za galimoto nawonso atiuzeko.

Kalipentala wa ku Ndirande

Achimwene, musanatole kanthu, dziwani kaye chimene chagwira chitsekocho. Loko wa m'kati mwa chitseko amalowetsa zitsulo ziwiri mu felemu. Chapamwamba ndi kalilime kosendeka mbali imodzi, kokankhidwa ndi sipuling'i, kamene kamabwerera mukatsitsa chogwirira. Chapansi ndi mpiringidzo wamakona anayi, woyenda ndi kiyi yekha. Kalilime mungakabweze ndi chinthu chopyapyala. Mpiringidzo ayi: ukatuluka, timaliva, tizitsulo ta m'kati mwa loko timene kiyi amanyamula, timaugwira, ndipo chimene chingapindike ndi mpeni wanuwo. Nkhani yonse yagona pamenepa.

Pa loko wa Union, kalilime pakokha kamakutsekerezani pokhapokha chogwirira chitafa. Mumatsitsa, chikungolendewera. Pakati pa zogwirira ziwirizo pamadutsa kachitsulo kamakona anayi ka mamilimita 8, ndipo kaya kasunthira mbali ya m'kati, kaya bowo la chogwirira ladyeka, poti zogwirira zotchipa zimapangidwa ndi chitsulo chofewa. Apa ndiye zinthu za m'nyumba zimakwanira bwinobwino. Masulani masikuluwu a mbale ya chogwirira, nthawi zambiri amakhala anayi. Ngati mulibe sikuludiraiva, nsonga yobuntha ya mpeni wa patebulo imamasula. Chotsani mbaleyo. Kachitsulo kaja kakakhalapo, kagwireni ndi pulayazi n'kupotoza mbali imene chogwirira chimapita. Kakakhala kuti kagwera m'kati, lowetsani sikuludiraiva yafulati kapena mchira wa supuni m'bowo lamakona anayilo, mopingasa kuchokera ngodya ina kufika ngodya inzake, n'kupotoza. Palibe chimene mwawononga.

Kwa loko wodzitseka yekha chitseko chikamenyedwa ndi mphepo, monga wa Yale wokhomedwa kuseri kwa chitseko, kapena wa chogwirira chobulungira wa m'zipinda, mufunika pulasitiki. Koma osati khadi la ku banki kapena chiphaso cha unzika. Makadiwo ndi aafupi, ndi ouma, amathyoka, ndipo kupeza lina n'kovuta kuposa kugula loko. Dulani kachidutswa ku botolo la malita 2 kapena ku chigubu cha mafuta ophikira cha malita 5, kotalika masentimita 20, m'lifupi masentimita 5. Sadzani ngodya zake zikhale zozungulira, pakani sopo. Lowetsani pakati pa chitseko ndi felemu, chikhatho chimodzi pamwamba pa kalilime, kenako tsitsani mopendeketsa uku mukugwedeza chitseko ndi bondo. Kugwedezako n'kumene kumapatsa pulasitikiyo mpata wokhota pa mlomo wa felemu. Izi zimatheka ngati chitseko chimatsegukira m'kati, chifukwa mbali yosendeka ya kalilime imayang'ana kwa inu. Chikamatsegukira kunja, mbali yosendekayo ili kuseri, ndiye muyenera kukolowetsa waya wokhota kumbuyo kwa kalilime n'kukokera kwa inu. Maloko ena ali ndi kachitsulo kachiwiri kakang'ono pambali pa kalilime kamene kamakamanga chitseko chikatsekedwa bwino. Pamenepo pulasitiki siithandiza, musataye nthawi.

Chinanso ndi kiyi amene watsalira m'bowo mbali ya m'kati, mwina mwana wakiya n'kugona. Yang'anani kaye mpata wa pansi pa chitseko: ngati chala chaching'ono sichilowa, kiyi sadutsa. Ukakwanira, lowetsani katoni yotakata, mutayalapo kansalu, chifukwa kiyi akagwa pa simenti kapena pa pepala lokha amadumphira patali. Kankhani kiyiyo pang'onopang'ono ndi msomali wa mainchesi atatu. Akakana, ndiye kuti dzino lake lapotokera pambali. Gwirani nsonga yake ndi kapulayazi kakamwa kosongoka, muwongole kufikira dzinolo litayang'ana pansi, mukankhenso. Kiyi amene ali pa mulu wa makiyi ena sadutsa pansi pa chitseko, ndipo pa loko wa silinda njirayi siigwira.

Pomaliza, kuyambira Disembala mpaka Malichi zitseko zathabwa zimafufuma, zina zimagwa pang'ono pa mahinji. Mpiringidzo umapanikizika mu felemu, kiyi akukana kuzungulira, munthu n'kumayesa loko wafa. Kokerani chitseko kwa inu, kapena chinyamuleni ndi chogwirira, uku mukupotoza kiyi ndi zala ziwiri. Makiyi ambiri amathyokera pamenepa, chifukwa cholowetsa msomali m'bowo la mutu wa kiyi kuti apeze mphamvu.

Wokonza maloko ku Limbe

A kalipentala anena zoona zokhazokha. Ine ndiyambire pamene mpiringidzo watuluka ndipo kiyi palibe.

Ngati ndi loko wa kiyi wamtali, musawononge kanthu msanga. Makiyi a maloko a timaliva tiwiri kapena titatu amakhala ndi chilembo ndi nambala pamutu, ndipo ku hadiweya amagulitsa odulidwa kale potsata nambalayo. Mukaidziwa, kapena eni nyumba akaidziwa, vuto latha. Mukapanda kuidziwa, yesani makiyi a zipinda zina ndi a aneba a mtundu womwewo. Loko wa timaliva tiwiri ali ndi mitundu yochepa ya mano, kotero si chachilendo kiyi wa nyumba ina kutsegula. N'chifukwa chake mmisiri amabwera ndi mulu wa makiyi, ndiponso n'chifukwa chake loko wotere sayenera kukhala pa chitseko chakunja. Poyesa, zala ziwiri basi. Kiyi akazungulira pang'ono n'kuima, mubwezeni. Mukamukakamiza amatha kudutsa kaliva kamodzi n'kukakamira, osapita osabwerera.

Tsono za kaphini ndi waya. Anthu amaona ngati ukangolowetsa n'kugwedeza loko atseguka. Sizili choncho. Loko wa silinda ali ndi mapini asanu kapena asanu ndi limodzi, lililonse lili pawiri, ndipo onse ayenera kufika pa mzere umodzi kuti mtima wa loko, gawo limene kiyi amalowamo, uzungulire. Pamafunika zitsulo ziwiri nthawi imodzi: china chopotoza mtimawo mopepuka kwambiri, china chokankha mapini limodzilimodzi uku chala chikumva pamene pini lakhazikika. Zitsulo za ntchitoyi ndi zopyapyala pafupifupi theka la milimita, koma zolimba ngati sipuling'i. Waya wa hang'ala ndi wonenepa, sulowa n'komwe. Kawaya komangira mapepala kamalowa koma kamapindika kasanakankhe pini lachiwiri. Kaphini ka m'tsitsi kamasenda utoto ndi kapulasitiki ka kunsonga kwake m'kati mwa loko, kenako kamathyoka pamene mwakapinda. Ngakhale mutampatsa munthu zipangizo zenizeni, ngati sanaphunzirepo pa loko wa patebulo, sangatsegule pakhomo mu mdima. Chimene chimasowa si chitsulo chokha, ndi dzanja. Ndipo chotsalira m'katimo chimachititsa kuti ngakhale kiyi weniweni akapezeka asalowenso.

Kiyi akathyokera m'kati mwa silinda, musalowetse theka linalo poganiza kuti zilumikizana, mumangokankhira chidutswacho kumapeto. Supagulu ndiye woipitsitsa: amayenderera n'kumata mapini, loko n'kufa. Onetsetsani kuti mtima wa loko wabwerera pamene kiyi amatulukira, apo ayi mapini amagwira mano a chidutswacho. Tengani kachidutswa ka sowo yaing'ono yodulira zitsulo, mukanole kumsana kakhale kowonda ngati kamtengo ka machesi, mano ake ayang'ane kwa inu. Kalowetseni m'mbali mwa chidutswacho, potozani pang'ono kuti mano alume, kokani. Chikatuluka mamilimita awiri okha, chigwireni ndi pulayazi kapena chowengera zikhadabo. Tengani zidutswa zonse ziwiri kwa odula makiyi, amatha kudula wina potengera izo.

Zonse zikakanika, silinda amabowoledwa, ndipo iyi ndi ntchito ya dirilo, osati ya msomali ndi hamala. Pa masilinda ofala kuno, mbali yobulungira ili pamwamba ndipo mapini ali m'munsi mwa bowo la kiyi. Khomani kadontho pamene mtima ukumanira ndi thupi, m'munsi mwenimweni mwa bowolo. Yambani ndi kobowolera ka mamilimita 3, kenako ka 5 kapena 6, molunjika, mosathamangitsa. Mudzamva dirilo ikudumpha pa pini lililonse, muziwerenga. Mukadutsa lomaliza imani, chifukwa kutsogoloko kuli kachitsulo koyendetsa mpiringidzo, ndipo mukakawononga ntchito yakula. Pemererani zinyenyeswa, lowetsani sikuludiraiva yafulati, potozani. Mwataya silinda yekha, koma chitseko, felemu ndi thupi la loko zili bwino. Kukhoma sikuludiraiva m'bowo la kiyi ndi hamala kumapinda thupi la loko m'kati mwa thabwa, ndiye mumagula zonse.

Wowotcherera wa ku Malangalanga

Pa loko wopachika ndisiyaneko pang'ono ndi anzanga: pamenepa palibe chifukwa chosungira loko. Yerekezani mitengo. Loko ndi wotchipa kuposa geti, kuposa chitseko, kuposa felemu. Choyenera kufa ndi iyeyo, kapena hasipu imene wakolekedwapo, osati china.

Yambani mwaona hasipuyo. Zambiri amazikhoma masikuluwu ali poonekera, ndiye mungomasula, loko n'kutsala ali gwa polendewera. Ngati mitu yabisika, onani chofewa n'chiti. Uta wa loko wolembedwa kuti "hardened" sowo imangotererapo, mano n'kutha. Koma kamphete ka hasipu kapena kakhutu kowotcherera pageti n'kachitsulo wamba, sowo ya mano 24 pa inchi imakadula m'mphindi zochepa, ndipo kuwotchereranso kena ndi ntchito yaing'ono. Bolt cutter (chodulira zitsulo cha zigwiriro zazitali) ya masentimita 60 imadula uta wa maloko ang'onoang'ono, koma pa wolimba wa mamilimita 10 imangosweka mano. Kumeneko mufunika gulayinda ndi disiki yopyapyala ya milimita imodzi. Mangani lokoyo ndi vice grip (pulayazi yodzikiya yokha) asagwedere, poti akagwedera disiki imasweka n'kuuluka. Valani magalasi oteteza maso, chotsani petulo, udzu ndi matumba pafupi, ndipo musagwire lokoyo mukangomaliza, amaotcha.

Kumenya ndi hamala kapena mwala n'kumene sindikufuna. Loko wabwino sasweka, mphamvu yonse imapita ku hasipu, imazula masikuluwu pamodzi ndi thabwa. Pageti imapinda chitsulo, geti osakumananso. Chimodzimodzi kupana chitseko ndi mgwala kapena khasu pa felemu yachitsulo: felemu ija ndi yopyapyala, m'kati mwake muli matope a simenti, ikapindika pulasitala amang'ambika ndipo siibwereranso mwakale.

Za mahinji, anthu amati gulula mapini chitseko chichoke. Zimatheka ngati mahinji ali mbali yanu ndipo mapini ake ndi ochoka: msomali wa mainchesi anayi kuchokera pansi, hamala, kuyambira hinji yapansi. Koma zitseko zathu zambiri zakunja zimatsegukira m'kati, mahinji ali m'nyumba, ndipo pa mafelemu achitsulo mapini ambiri ndi omangidwa mitu yonse iwiri.

Wa lendi ku Chilinde

Zikomo kwambiri akuluakulu. Nanga kiyi alipo koma loko wachita dzimbiri, kuthira mafuta ophikira n'kulakwa? Ndipo za galimoto sitinamve.

Wokonza maloko ku Limbe

N'kulakwa, achimwene. Lero atseguka, koma mafuta ophikira amauma n'kusanduka ulimbo, fumbi la Seputembala likalowa mapini amamatirira m'mabowo mwawo. Thirani WD-40, mafuta opopera omasula dzimbiri, ngati palibe madontho ochepa a palafini, dikirani mphindi 15, gogodani thupi la loko ndi chigwiriro cha sikuludiraiva, lowetsani ndi kutulutsa kiyi kangapo musanapotoze. Pa loko wopachika, kankhirani uta m'kati uku mukupotoza. Akauma, pakani chakuda cha m'kati mwa pensulo pa mano a kiyi. Chimatereretsa popanda kukoka fumbi.

Makanika wa ku Zolozolo

Pa galimoto yambani ndi zosavuta: yesani zitseko zonse ndi buti. Ngati rimoti ili m'manja koma sikuyankha, si kutsekeredwa kumeneko. M'kati mwa rimoti ya Sienta, Vitz, Fit kapena Note muli kakiyi kachitsulo, sunthani kabatani kakumbuyo kapena kam'mbali, katuluka. Kamatsegula chitseko cha dalaivala, ngakhale bowo lake limakhala lolimba chifukwa chosagwiritsidwa ntchito. Polizitsa, gunditsani rimotiyo pa batani loyatsira. Kabatire kake kawirikawiri kamakhala CR2032 kapena CR1632, nambala imalembedwa pa kabatire pomwepo.

Makiyi akatsalira m'kati, mmisiri amagwiritsa kathumba kopopa mpweya ndi kandodo kachitsulo kotalika kupitirira mita, kokutidwa kuti kasakande. Amalowetsa kathumbako pa ngodya yapamwamba ya chitseko, mbali yotalikira mahinji, amapopa kufikira mpata wa sentimita imodzi, n'kulowetsa kandodo kukadina batani lotsegulira kapena kukoka chogwirira cha m'kati. Kathumba kamakankha mofanana pamalo aakulu, ndipo mpweya ukachoka chitseko chimabwerera. Sikuludiraiva imakankha pa kadontho kamodzi: imasupula penti, imang'amba labala, imapinda mutu wa chitseko. Zotsatira zake mumaziona dzinja, madzi akudonthera pampando, mphepo ikuimba mluzu pa msewu wa M1. Ngati mmisiri ali kutali, chofanana nako kathumbako ndi lamba wopimira kuthamanga kwa magazi, kapena kamphanda kathabwa kokutidwa ndi nsalu. Pa kandodo funani waya wa mamilimita 4 kapena 5, mukulunge tepi kunsonga. Wa hang'ala ndi wa mamilimita awiri, umafika pa batani koma umapindika osadina.

Kutsitsa waya pakati pa galasi ndi labala kunali kwa galimoto zakale zokhala ndi timitengo tachitsulo poyera m'kati mwa chitseko. Zatsopano zili ndi timakebulo ndi zotchinga, ndipo m'menemo mumadutsa mawaya a galasi ndi a loko. Mukakola wolakwika, chitseko sichitseguka ngakhale ndi kiyi. Njira yokola batani la loko ndi chingwe cha nsapato imagwira pa galimoto zokhala ndi kabatani kotumphuka pafupi ndi galasi basi. Zoti mukakanikiza mpira wobowola pa bowo la kiyi mpweya wake ungatsegule loko ndi bodza.

Koma ngati m'galimoto muli mwana, makamaka dzuwa la Okutobala, iwalani zonsezi. Swani galasi la pambali lotalikirana ndi mwanayo, mumenye pa ngodya yapansi ndi chinthu chosongoka, osati pakati, pamene limangodunda. La kutsogolo musalimbane nalo, lili ndi pulasitiki pakati, silimwazika. Ngati mulibe munthu m'kati ndipo kuswa n'kosapeweka, musathamangire kagalasi kakang'ono ka pangodya poganiza kuti n'kotchipa. Kawirikawiri n'kosowa, ndipo kena n'komatidwa, kuika kwake n'kovuta kuposa galasi la chitseko.

Mayi eni nyumba ku Chirimba

Ana anga, amisiri anena za zitsulo, ine ndinene za anthu. Musanayambe kugogoda kapena kudula, imbirani eni nyumba. Ambiri timasunga kiyi mmodzi wa nyumba iliyonse, ndipo mukawononga felemu osatiuza, mkangano wake umaposa mtengo wa loko. Kachiwiri, dzutsani aneba awiri aime nanu, ndipo ngati ndi usiku dziwitsani a chitetezo cha m'dera. Munthu wogwada pa chitseko ndi waya mu mdima, wodutsa samufunsa kuti ndiwe yani, amangokuwa kuti wakuba, ndipo tonse tikudziwa zimene zimatsatira. Mmisiri akakufunsani umboni woti nyumbayo ndi yanu musakwiye, ameneyo ndiye woyenera kumukhulupirira.

Chimene ndikupemphani ndi mtima wonse: musalowetse mwana pa zitsulo za pazenera. Thupi limatha kudutsa mutu n'kukana, kapena mutu kudutsa osabwereranso, mwana n'kulendewera pakhosi. Ngati zenera ndi la timagalasi tamizeremizere (ma louvre), wongolani timilomo tiwiri togwira galasi limodzi, mulisolole bwinobwino, ndipo ngati makiyi akuoneka patebulo muwakole ndi nsungwi yomangirira waya kunsonga. Pamenepo waya wa hang'ala wapeza ntchito yake. Kusasula malata kuti mulowere kudenga nakonso ayi, mabowo a misomali amakula, nyumba idzadontha, ndipo siling'i siinyamula munthu.

Makiyi akatayika pafupi ndi nyumba, kapena pamodzi ndi chikwama chokhala ndi mapepala anu, sinthani loko tsiku lomwelo ngakhale mutatsegula bwino. Kiyi wapadera musiyeni kwa munthu wodalirika, osati pansi pa mwala wa pakhomo.

Kalipentala wa ku Ndirande

Mayi anena zosintha loko, ndiwonjezerepo miyeso kuti musayende kawiri. Silinda amagwidwa ndi sikuluwu imodzi yaitali ya m'mphepete mwa chitseko, pansi pa mpiringidzo. Mukaimasula, potozani mtima pang'ono kuti kachitsulo kapakati kabisale, silinda asoloke. Yezani kuchokera pakati pa bowo la sikuluwuyo kufika mbali iliyonse: 30 ndi 30, kapena 35 ndi 35. Musagule wotalika amene atuluke kunja kwa mbale, wotereyu amagwirika ndi kuthyoka mosavuta. Thupi la loko wa kiyi wamtali limakhala lakuya mamilimita 64 kapena 76, ndipo mukalakwitsa, mabowo a chogwirira ndi a kiyi sagwirizana ndi akale, mumayamba kusema chitseko. Tengani loko wakaleyo ku hadiweya, muwagundanitse ndi watsopano musanalipire. Pa chitseko chakunja funsani wa timaliva tisanu, ndipo nambala ya kiyi, ngati ilipo, ilembeni mu foni musanachoke pa sitolopo.